Mtanda ndi wanu, koma lolani akutwikeni

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Pempho langa m'mawa uno ndi lakuti musakane dzanja la mnzanu.

Olankhula Chingerezi ali ndi mawu akuti "my cross to bear", amene amanena munthu akakhala ndi vuto losachoka, monga matenda amgonagona, mwana wosamva kapena ngongole yosatha, ndipo wavomereza kuti akhala nalo basi. Ena amawanena mwanthabwala podandaula za mnansi waphokoso, ngakhale kuti gwero lake ndi Luka 9:23, ndipo mu ulamuliro wa Aroma wosenza mtanda ankakhala ali pa ulendo wokaphedwa. Nafenso timati "ndi mtanda wanga", ndipo sabata ino ndawamva kawirikawiri mawuwa pakati pa ife odikirira odwala, pamene tikugona pansi m'chipatala, ine ndikuyang'anira mayi anga.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mawuwa timawanena pofuna kutseka nkhani, kuti wofunsayo asafunsenso. Komatu mayi amene wamanga mtolo waukulu wa nkhuni sadzitwika yekha. Amapinda nkhata, n'kuitana mnzake kuti amutwike. Mtolowo umakhalabe wake, khosi lopwetekalo ndi lake, njira yonse ayenda ndi mapazi ake, koma sachita manyazi kunena kuti "nditwikeni". Nanga inu, abale anga, bwanji mukulimbana ndi mtolo uli pansi, msana ukuthyoka, anzanu ataima pafupi, inu n'kumati zili bwino? Kumeneko si kupirira ayi, nthawi zina ndi kunyada chabe.

Marko 15:21 akutiuza za Simoni wa ku Kurene, m'dziko limene lero ndi Libya, amene asilikali anamukakamiza kunyamula mtanda wa Yesu, ndipo sitiwerenga kuti Ambuye anamukana. Paulo naye, mu Agalatiya 6, akuti tinyamulirane zolemetsa pa vesi 2, kenako pa vesi 5 akuti aliyense adzasenza katundu wake. Mayi wa nkhuni uja sangaone kutsutsana pamenepo, chifukwa amadziwa kuti wokutwika sakulanda mtolo.

Choncho ngati wina anakufunsani dzulo kuti akuthandizeni chiyani, muimbireni foni m'mawa uno, ndipo mumuuze zenizeni: kaya ndi ufa, kaya ndi ndalama ya minibasi, kaya ndi kuti adzagone kuchipatala usiku umodzi kuti inu mukapumeko kunyumba.