Ndalama za azanyengo zimakhudza munda wanu

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse mwabwera. Akumbuyoko senderani pafupi kuti timvane.

Nkhani yanga lero ndi ya ndalama zimene boma limaika ku kafukufuku wa nyengo. Ndikudziwa ena mumtima mukuti aaa ife tikufuna fetereza, zakafukufukuzo n'za mabwana a ku Lilongwe. Tamverani kaye. Mwagulitsa mbuzi, mwagula mbewu ndi thumba la fetereza, mwabzala ndi chizimalupsa, kenako mvula yadula masabata atatu chimanga chonse chapserera, ndalama ya mbuzi ija yathera m'nthaka. Woti akanakuuzani kuti dikirani kaye ndi wazanyengo uja, ndipo iyeyo saombeza ula ayi, amadalira zipangizo zoyezera mvula ndi mphepo, makompyuta, ndi anthu ophunzira oti aziwerenga manambalawo tsiku ndi tsiku. Zonsezo zimadya ndalama. Chipangizo chimodzi chikafa osakonzedwa, ulosi wa dera lonselo umapotoka.

Kumbukani namondwe Ana mu Januwale 2022. Madzi anagumula damu la ku Kapichira komwe amapanga magetsi, mamegawati pafupifupi 130 a magetsi anachoka nthawi imodzi, ndiye kwa chaka ndi kuposa a zigayo, owotcherera, ometa tsitsi ankangoswera pakhonde kudikira magetsi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaononga chuma choposa madola 500 miliyoni, osanena za abale athu amene matope anawakwirira ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inapangitsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Kafukufuku sangaimitse namondwe, zoona. Koma ndi amene amauza injiniya kuti mlatho ukwere kufika pati, amauza akafukufuku wa zaulimi a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe kuti ayese mbewu yanji yocha msanga, amachenjeza msodzi kuti lero mwera ukubwera usalowe m'nyanja.

Chimandipweteka ine n'chakuti zipangizo zatsopano zambiri zinabwera ndi mapulojekiti a mabungwe akunja otithandiza ngati M-CLIMES, nanga pulojekiti ikatha batire agula ndani, mafuta a galimoto yokakonza alipira ndani? Imeneyo ndi ntchito ya bajeti yathu, misonkho yathu yomweyi timadula pa shuga ndi sopo. Ndiye a MP akabwera kuno musangowapempha mjigo ndi makuponi, afunseninso kuti ku nthambi ya zanyengo chaka chino mwaikako zingati, ndipo zatulukadi kapena zangolembedwa papepala.

Amayi apo mwakweza dzanja, funsani.