Makalata a omvera: zithunzi zoseka majaji ndi oyimba

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti: "Sabata yatha munakamba za zithunzi zakale za ku Ulaya zojambula majaji ndi oyimba opera (masewero oyimba) ali ndi mimba zotupa ndi mphuno zazitali. Kodi si chipongwe chimenechi? Akuluakulu ankangoyang'ana?"

Zikomo bambo. Sankangoyang'ana ayi. Ku France, Honoré Daumier adajambula mfumu Louis-Philippe ikumeza ndalama za anthu osauka, ndipo mu 1832 adakaseweza miyezi isanu ndi umodzi kundende. Boma litakhwimitsa malamulo mu 1835, iye adatembenukira kwa maloya ndi majaji m'nyuzipepala ya Le Charivari. Anthuwa ankawadziwa bwino, popeza ali mnyamata adatumikirapo mu ofesi ya wolanda katundu m'dzina la khoti.

Chithunzi chake china chimandikhudza mpaka lero. Mayi wamasiye akutuluka m'khoti ndi kamwana kake, wawerama, akulira. Pambali pake loya watukumula chifuwa, akumuuza kuti mlandu wagonjadi, koma ayenera kuti wasangalala kumumva iye akulankhula. Bambo, chimenechi ine sindichitcha chipongwe. Daumier ankalankhulira mayiyo.

Komabe nkhawa yanu ili ndi pogwira. Ku London mu 1782, James Gillray adajambula jaji Francis Buller atanyamula mitolo ya ndodo, ati chifukwa adanena kuti mwamuna atha kumenya mkazi wake bola ndodoyo isakule kuposa chala chachikulu. Umboni woti adanenadi zimenezo palibe, koma mbiriyo idamukakamira mpaka kumanda.

Yachiwiri ndi ya mayi wa kwaya ku Mzuzu: "Majaji ndamva, ali ndi mphamvu. Nanga oyimbawo adalakwanji?"

Mayi, pamenepa ndili mbali yanu. Mu 1801 Gillray yemweyo adajambula Elizabeth Billington, amene anthu a ku London ankakhamukira kukamumvera m'masewero oyimba. Chimene adachikuza pa pepalapo ndi kunenepa kwake, dzanja lili pachifuwa, maso kumwamba. Mayiyu sadamange munthu, sadalande munda wa wina. Mawu ake, amene adawasula zaka zambiri, pepalalo silikadatha kuwaonetsa, ndipo oima pa windo la sitolo ya Hannah Humphrey, wogulitsa zithunzi za Gillray, ankaseka thupi lokha. Zimandipweteka, monga zingakupwetekeni inu wina ataseka woyimba wa m'kwaya yanu ali pakati pa nyimbo.