Musanatsikire ku Mana Pools, yambani mwakwawira pansi pa galimoto

(Pabwalo la nyumba ku Mufakose. Hilux yakale yaima pamthunzi, boneti ili chotsegula.)

Moni nonse, a ku Mbare, a ku Mabvuku, ndi inu amene mukutionera muli kumudzi ku Malawi. Galimoto mukuionayi Loweruka likubwerali ikupita ku Mana Pools, malo osungirako nyama zakutchire muno mu Zimbabwe, m'mphepete mwa Zambezi. Kuchoka muno mu Harare kudutsa Chinhoyi, Karoi mpaka Makuti ndi phula lokhalokha. Mukatenga chilolezo cholowera ku ofesi ya oyang'anira nyama zakutchire ku Marongora mumatsetserekera kuchigwa, n'kukhotera kumanja, ndipo kuyambira apo ndi makilomita oposa 70 a fumbi, miyala ndi mchenga. Kumeneko kulibe galaja, kulibenso pothirira mafuta.

Achimwene, tabweretsani kamera kuno.

(Kamera ikuonetsa kagiya kakang'ono pambali pa giya yaikulu.)

Kagiya aka, kolowetsera mphamvu kumatayala onse anayi, ndi kamene kandichititsa kujambula vidiyoyi. Ambirife timagula 4x4 n'kumangoyenda nayo m'misewu ya mutauni ngati Simon Mazorodze ndi Samora Machel chaka chonse osakakhudza, mpaka kamalimba. Tsiku lokafuna ndi lomwe mwatitimira mumchenga, ndiye kakukana. Choncho kutatsala sabata, pezani msewu wafumbi kunja kwa tauni. Ngati galimoto yanu ili ndi mahabu otembenuza ndi dzanja kumatayala akutsogolo, atembenuzireni pa Lock mbali zonse ziwiri. Lowetsani kagiyako pa 4H kuti matayala onse anayi azikoka, yendani pang'ono. Kenako imani, ikani giya pa neutral, lowetsani kagiyako pa 4L. Galimoto iyenera kukwawa ngati kamba koma ili ndi mphamvu zoopsa. Mukamva kugogoda kapena kagiya kakumadumpha kokha, makaniko akadali pafupi.

Koma chonde, musayesere zimenezi paphula. Mu 4H matayala akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa kuti azizungulira mofanana, pomwe pokhota akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo. Pafumbi tayala limaterereka pang'ono, vuto n'kutha. Paphula silitereka, ndiye mphamvu yonse ija imapotokola mashafuti ndi magiya apansi. Galimoto zina, monga Prado, zimayenda ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo izo zili ndi makonzedwe akeake.

Tsopano tikwawire pansi. Fufuzani pamene pakudontha oilo. Gwirani malabala okuta mashafuti akutsogolo: akang'ambika, mchenga umalowa n'kuyamba kupera zitsulo. Mangani nati iliyonse yofooka, osaiwala chomangira batire, chifukwa msewu uja uli ndi timizere ngati malata ndipo umamasula chilichonse.

Matayala ndiwo amabweza anthu ambiri panjira. Osangoona mano okha. Pambali pa tayala pali manambala anayi: mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6, kapena la ming'alu m'mbali, ine sindipita nalo kuchigwa ngakhale mano atakhala ngati atsopano. Zitsa za tsanya zimaboola m'mbali momwemo, ndipo tayala lobooka m'mbali silimatika. N'chifukwa chake ndimanyamula masipeya awiri. Ndinagonapo kutchire ndi ana m'galimoto chifukwa chodalira sipeya imodzi, ndipo sindifuna kuti zimenezo zionekere aliyense wa inu.

Mpweya nawo umasinthidwa. Pamiyala ndi timizere ndimautsitsa kufika cha m'ma 1.8 bar pa geji yoyezera mpweya, mumchenga wofewa 1.5, kuti tayala litambalale liziyandama m'malo mokumba. Liwiro nalo litsike. Ndipo musaphwetse tayala mulibe pampu yamagetsi, chifukwa kubwerera paphula ndi mpweya wochepa kumatenthetsa tayala mpaka kuphulika.

Mabuleki aonetseni kwa makaniko. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pomwe chigwa chili cha m'ma 400. Pamtsetse uja lowetsani giya yachiwiri kuti injini izigwira galimoto. Mukangodalira phazi, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira.

Mafuta dzazani ku Karoi, muonjezere zigubu za malita 20, poti 4L imamwa kwambiri. Madzi akumwa akhale ochuluka, chifukwa mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40. Fosholo, jeke ndi thabwa loikapo jekeyo kuti isamire, sefa ina ya mpweya, matirayango awiri ndi chozimitsira moto, zonsezi zikhale pofikira dzanja. Chozimitsira motocho si cha apolisi a pamsewu okha: udzu wouma umakodwa pafupi ndi ekizozi, ndipo umayaka. Mukaima, suzumirani pansi muuchotse.

(Akuloza kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto.)

Apa musamangepo chingwe chokokera galimoto yotitimira. Kampiraka kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, ndipo kapha kale anthu. Mangani pazitsulo zokokera zomangidwa kuchasisi.

Amayi akulongedza chakudya m'nyumbamu ndawauza kale kuti malalanje atsale. Zipatso saloleza kulowa nazo ku Mana Pools chifukwa njovu zimazinunkhiza patali n'kubwera kudzazifuna m'galimoto. Ndipo ulendowu ndi wa chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mvula ikangoyamba, makande a kuchigwa amagwira galimoto ngati ulimbo.

Achimwene, tandipatsirani sipanala ya 17, nati iyi ikugwedera.