Musathamangire mbande, yambani ndi zitsa

Moni omvera nonse kumene muliko. Lero tikambe za malo achipululu, kumene mitengo yachilengedwe inatha ndi nkhwangwa komanso ziweto, nthaka n'kuuma gwaa.

Musathamangire kugula mbande ayi. Yendani kaye pamalopo, muyang'ane zitsa. Tizitsamba tambiri timene mumatiyesa tchire wamba ndi mphukira za mitengo imene inadulidwa kalekale, ndipo mizu yake ikadali moyo, inafika kale pansi pamene pali chinyezi. Mbande ya kunazale ilibe mwayi umenewu, dzuwa likangoiwomba miyezi ingapo yafa. Ndiye pachitsa chilichonse sankhani mphukira zitatu kapena zisanu, zolimba ndi zowongoka. Zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Pa zotsalazo sadzani nthambi zam'munsi, kulekezera pakati pa thunthu, osapitirira. Njira imeneyi anayamba kuilimbikitsa ndi katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, ku Niger mu 1983, ndipo alimi akumeneko abwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Wochuluka kumeneko ndi msangu, uja umayoyola masamba nthawi ya mvula, kotero suphimba mbewu m'munda.

Nanga pamene zitsa palibiretu? Pamenepo ntchito ndi kugwira madzi. Mvula isanagwe, kumbani mayenje, kukamwa kwake masentimita 20 mpaka 30, kuya pafupifupi 15. Dothi lake muliunjike mbali yakumunsi kuti litchinge madzi othamanga. M'dzenjemo thirani manyowa odzaza manja awiri. Mukaona chiswe chabwera, chonde musachiphe! Chimenecho chimaboola tinjira pansi, madzi n'kumalowa m'malo mongoyenderera pamwamba. Ku Burkina Faso mayenjewa amawatcha zai, ndipo mlimi wina, malemu Yacouba Sawadogo, anameretsa nawo nkhalango pamalo amene anthu anali atawataya.

Za mbewu za mitengo zodzala m'mayenjemo, tolani ku mitengo yobadwira m'deralo. Apa ndikutsindika, chifukwa mtengo wachilendo wa Prosopis unabzalidwa ndi cholinga chabwino ku Baringo m'dziko la Kenya ndi ku Afar m'dziko la Ethiopia, koma lero walanda malo odyetsera ziweto ndipo kuuzula ndi ntchito yowawa.

Zonsezi mbuzi zikhoza kuzimaliza tsiku limodzi. Gwirizanani ndi eni ziweto musanayambe, lambulani njira yotchinga moto, ndipo nthambi zaminga zimene mwasadza zija muziyale kuzungulira chitsa mpaka nsonga ya mtengo itapitirira pamene mbuzi imafikira ikaima ndi miyendo iwiri.