Nsanja ya nyali yomwe ili yokhayokha pakati pa nyanja ya Superior

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili pa nyanja ya Superior, mbali ya Michigan ku America, ndipo chomwe mukuchiona chikutuluka m'madzimo ndi Stannard Rock, nsanja ya nyali yochenjeza sitima. Yang'anani uku ndi uku, kulibe mtunda, madzi okhaokha. Mtunda wapafupi uli pa makilomita 39, ndipo ku America konse palibe nsanja ina yotalikira gombe ngati iyi.

Ndiye mufunsa kuti anamangiranji nyali pakatikati pa nyanja chonchi? Pansi pa madziwa pali phiri la mwala. Kuzungulira konseku nyanja ndi yakuya kwambiri koma apa mwalawo umakwera mpaka kutsala mita imodzi ndi pang'ono kuti uonekere pamwamba. Kaputeni yemwe akudziwa kuti ali pakati pa nyanja sakhala ndi nkhawa ya miyala, amathamangitsa sitima mtima uli m'malo, ndiye kuopsa kwake kunali pamenepo. Anautulukira mwalawu ndi kaputeni Charles Stannard mu 1835, dzina lija linachokera kwa iyeyu. Ndiye mu 1855 atatsegula njira ya sitima ku Sault Ste. Marie, sitima zonyamula miyala ya chitsulo ndi kopa zinachuluka, boma linaona kuti apa pakufunika chizindikiro basi.

Anayamba ndi kachizindikiro kopanda nyali mu 1868, pofuna kuona ngati chinthu chingaime pamenepa osakokoloka ndi mafunde komanso ayezi. Ntchito yeniyeni inayamba mu 1877, nyali n'kuyaka mu 1882. Zaka 5 zimenezo si ulesi ayi, amagwira miyezi yofunda yokha, ndipo ngakhale miyezi imeneyo mphepo ikabwera amasiya zonse n'kuthawa, pobwerera n'kupeza zina zomwe anamanga zaphwasuka ayambirenso.

Koma ine chomwe chimandikhudza kwambiri ndi anthu omwe ankakhala muno. Kunali amuna okhaokha, mabanja samaloledwa. Palibe bwalo loti uyendeko, palibe mtengo, palibe dothi, kuyenda kwako ndi masitepe kukwera ndi kutsika, kupukuta magalasi a nyali, kuonetsetsa kuti lipenga la nkhungu likulira nthawi yake. Malowa anafika potchedwa malo osungulumwa kwambiri padziko. Nyengo yozizira ikamatha, akabwera kudzayamba ntchito amapeza chitseko chakwiririka ndi ayezi, amachita kutema kaye kuti alowe. Anthu amenewa anapulumutsa amalinyero ambiri omwe sanawaonepo nkhope ndipo ine ndimawapatsa ulemu waukulu.

Pa 18 June 1961 matanki a mafuta anaphulika m'katimu, moto n'kubuka. Mmodzi mwa ogwira ntchito anafa, atatu anapulumuka koma anakhala panja pa simenti, akuzizidwa, masiku atatu, mpaka sitima ya Woodrush inadzawatenga. Chaka chotsatira, 1962, nyali anaisintha kuti iziyaka yokha ndipo kuyambira pamenepo sipakhalanso munthu.

Galasi lalikulu la nyali yakale lija, la mtundu wa Fresnel, lilipo mpaka pano ku Marquette Maritime Museum, ndiye ngati mumaopa mafunde kaoneni limenelo mumzinda wa Marquette, mudzaona momwe timagalasi tambirimbiri timasonkhanitsira kuwala kwa nyali imodzi kuti kufike kutali. Nsanjayi panopa ili m'manja mwa bungwe losamalira zachilengedwe la Superior Watershed Partnership, ndipo pamwambapo pali zipangizo zoyezera nyengo komanso madzi omwe amauluka m'nyanjayi ngati nthunzi.

Mukafuna kubwera kuno mufunika boti lamphamvu ndi woyendetsa wodziwa nyanjayi. Ambiri amabwera ndi maboti a asodzi chifukwa pamwalapa pamasonkhana nsomba zikuluzikulu za trout. Musayembekezere kulowa m'kati, mumangozungulira ndi kujambula muli m'boti. Valani zofunda ngakhale kuli dzuwa, madzi a Superior amazizira chaka chonse, ndipo woyendetsa akanena kuti lero sitipita, musakakamire.