Napolo, Namondwe ndi Mmene Timalandirira Chenjezo

Mafumu athu, azibambo ndi azimayi, ndaima pano kuti tikambirane mmene ife anthu a m'maiko osauka timaonera chiopsezo cha kusintha kwa nyengo. Mlimi sachita kuuzidwa kuti nyengo yasintha. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira mvula ya chizimalupsa, imene inkagwa cha mu Okutobala n'kuzimitsa moto wa m'tchire, koma lero timatha kufika mu Disembala mbewu zili m'thumba, maso ali kumwamba. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, mu 2012 ndiponso mu 2018, ndipo asodzi a ku Kachulu anaona mabwato awo atakhala pamatope ong'aluka.

Pamene timasiyana maganizo ndi pa chimene chikuchititsa zimenezi. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu 1991, anthu ambiri anati wadutsa napolo. Ena amati ndi mkwiyo wa Mulungu, ena amaloza kudula mitengo, ndipo otsirizawa sakunama, pakuti phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Komabe gwero lalikulu ndi utsi wa malasha ndi mafuta wochokera m'mafakitale ndi m'magalimoto, umene umatsekereza kutentha mumlengalenga. Nyanja zamchere zikatentha, namondwe amasenza chinyezi chochuluka n'kudzachikhuthulira kumtunda kuno, ngakhale kuti gawo la Africa yense pa utsiwo ndi laling'ono kwambiri.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa munthu wokhulupirira kuti napolo amadutsa kamodzi pa zaka zambiri amamanganso nyumba pamalo omwe aja, poganiza kuti zatha. Koma taŵerengani nokha anamondwe aja: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, kenaka chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Freddy asanafike, a zanyengo anachenjeza pa wailesi, komabe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusoŵa.

Sindikunena kuti amene sanasamuke anali osamva. Mayi wa ku Nsanje akauzidwa kuti apite kumtunda, amaganizira dimba lake la m'mbali mwa Shire limene limam'patsa chimanga ndi mbatata m'chilimwe, amaganizira manda a makolo ake, ndipo njala ya lero imamuopsa kuposa madzi a chaka chamaŵa. Chenjezo longoti "samukani", osanena kopita ndiponso chimene munthu akadye kumeneko, limaloŵera khutu ili n'kutulukira linalo.

Choncho, a mfumu, ndikupempha kuti tisanabalalike tigwirizane za sukulu kapena tchalitchi cha pamtunda chimene tidzathaŵireko, za munthu amene adzaimbe wezulo madzi akayamba kukwera usiku, ndi za achinyamata amene adzanyamule agogo ndi anzathu olumala.