Vegeta ndi Wachifwamba wa Pamtanda: Kodi mu Anime Muli Chisomo?

[Pa sikirini: munthu wovulala akukwawa pafumbi, kumbuyo kwake kukubwera mthunzi wa lupanga]

Munthu wagona pansi, thupi lonse mabala okhaokha, akukwawira ku kachombo kake kobulungira kuti athawe. Pamwamba pake paima mnyamata wamfupi wampala, dzina lake Krillin, lupanga lili m'manja. Wokwawayo ndi Vegeta. Tsiku lomwelo anzake a Krillin anayi, Yamcha, Chiaotzu, Tien ndi Piccolo, afa pa nkhondo imene Vegetayo anabwera nayo padziko. Lupangalo likangotsika, nkhani yatha. Koma Goku, ngwazi ya nkhaniyi, amene nayenso wathyokathyoka mafupa moti sangadzuke, akumuchonderera mnzakeyo kuti amusiye apite.

[Wofotokoza akuonekera]

Takulandirani nonse. Lero tikamba za makatuni a ku Japan, awa timati anime, ndipo funso ndi lakuti: kodi Mkhristu angatolemo kanthu pa nkhani ya chisomo ndi chipulumutso? Ndichenjezeretu kuti ndiulula mathero a nkhani zina za mu Dragon Ball Z ndi Fullmetal Alchemist. Amene simunaonere, imitsani kaye vidiyoyi, musadzandinene kuti ndakuonongerani.

Tiyambe ndi chilungamo. Ku Japan Akhristu ndi ochepa zedi, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Chikhristu chinafika kumeneko mu 1549 ndi Francis Xavier, amene anakocheza ku Kagoshima. Mu 1597 Akhristu 26 anapachikidwa pamitanda ku Nagasaki, mu 1614 boma linaletseratu chipembedzochi, ndipo chiletsocho chinachoka mu 1873. M'zaka zimenezo anthu ankawakakamiza kuponda chithunzi cha Yesu kapena cha Mariya pofuna kuona ngati ali okhulupirira. Choncho olemba anime ambiri anakulira m'dziko la Chishinto ndi Chibuda. Akira Toriyama, mwini Dragon Ball, amene anamwalira mu 2024, poyamba nkhani yake mu 1984 sankalemba ulaliki. Goku anamutenga ku nthano yakale ya ku China ya mfumu ya anyani. Ndiye mukaona mtanda mu anime musathamangire kukuwa aleluya. Nthawi zambiri ndi chokongoletsa chabe.

Nanga bwanji tikuvutikira? Chifukwa Paulo anachitapo zotere. Pa Machitidwe 17, ali ku Atene, anayamba ulaliki wake ndi guwa la Agiriki lolembedwa kuti ndi la Mulungu wosadziwika, natchulanso mawu a alakatuli awo. Anayambira pamene anthuwo anaima, kenaka nkuwatengera kwina.

[Pa sikirini: Krillin akutsitsa lupanga pang'onopang'ono]

Tibwerere kwa Krillin. Ine ndikanakhala pamenepo ndikanakhala mbali yake, ndisaname. Akulu anati chifundo chinapha nkhwali: inapulumutsa njoka kumoto, njokayo nkuitembenukira. Ndipo Vegeta sanapepese. Sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Analowa m'chombo chake akuopseza kuti adzabweranso. Atafika ku dziko la Namek anapha mudzi wonse wa anthu osalakwa pofuna umodzi mwa mipira imene imaitanitsa chinjoka chopatsa munthu chimene wapempha.

Apa ndi pamene pali chinthu chofanana ndi chisomo. Chifundo chinabwera kulapa kusanabwere. Vegeta sanasinthe kaye kuti amukhululukire. Anamusiya ndi moyo adakali mdani, ndipo kusintha kunabwera pambuyo, mochedwa, patapita zaka. Aroma 5:8 akunena dongosolo lomweli, kuti Khristu anatifera tidakali ochimwa. Ambiri a ife timatembenuza: ndisiye kaye mowa, ndikonze kaye banja, kenaka ndidzapita kutchalitchi. Zili ngati wodwala amene akuti ndichire kaye ndisanapite kuchipatala.

Koma tisamuveke Goku mkanjo wa Yesu, sumukwana. Iye mwini anavomera kuti pempho lakelo linali lodzikonda. Anaona kuti kupha munthu wamphamvu chotere ndi kuononga, ankafuna adzamenyane nayenso. Goku anasunga Vegeta chifukwa anaona phindu mwa iye. Uthenga wa Baibulo ndi wina: Mulungu sanatisunge chifukwa tinali ndi luso limene ankalifuna.

[Pa sikirini: Vegeta wakumbatira mwana wake Trunks ndi dzanja limodzi]

Tsopano pamene pali mtima wa nkhani yonse. Zaka zapita. Vegeta wakhazikika padziko, ali ndi mkazi wake Bulma, ali ndi mwana Trunks. Koma kunyada kudakali m'mafupa. Akulola dala mfiti Babidi kuti imulowe m'mutu, cholinga apeze mphamvu zogonjetsera Goku, ndipo akupha anthu ambirimbiri amene anadzaonera mpikisano pabwalo. Chifukwa cha ndewu yawoyo chilombo Majin Buu chikutuluka.

Kenaka Vegeta akuona zimene wachita. Akuitana Trunks, akumuuza kuti chibadwire sanamukumbatirepo, nkumukumbatira. Mwanayo akuchita manyazi. Bambo ake akumumenya pakhosi kuti akomoke, asaone zimene zichitike. Atatero akutembenukira kwa Piccolo, amene anaukitsidwa kale, nkumufunsa ngati akafa akakumane ndi Goku kutsidyako, poti panthawiyi Goku anali wakufa, anangobwerera padziko kwa tsiku limodzi.

Yankho la Piccolo ndi lowawa, ndipo sakulipaka uchi. Akumuuza kuti ayi: wapha anthu osalakwa ambiri, thupi lake lichotsedwa, mzimu wake upita kwina kosiyana ndi kwa Goku, ukatsukidwe, uiwale zonse, ukabadwenso mwatsopano. Mu Dragon Ball akufa amaima pamzere pamaso pa Enma, chimphona chofiira chokhala pa desiki ndi buku lalikulu, amene anachokera ku chikhulupiriro cha Chibuda cha woweruza akufa. Bukulo ndi kaundula. Zabwino mbali iyi, zoipa mbali iyo, ndipo za Vegeta zoipa zachuluka.

Vegeta akumva zonsezi, nkupitabe kukadziphulitsa kuti aphe Buu. Thupi lake likusanduka mwala, likugwa, likunyenyeka. Ndiye chopweteka ndi ichi: Buu akulumikizananso zidutswa zake, akudzuka ali gwa. Munthu wapereka zonse zimene anali nazo, koma sizinakwane.

[Pa sikirini: mitanda itatu paphiri]

Tengani funso la Vegeta mulipititse pa Luka 23. Pali munthu winanso amene ali pafupi kufa, wachifwamba, wovomera ndi pakamwa pake kuti chilango chake ndi chomuyenera. Nayenso akufunsa za kutsidya, akupempha Yesu kuti adzamukumbukire mu ufumu wake. Alibe nthawi yobweza zimene anaba. Manja ake ndi okhomedwa, sangagwire ntchito yabwino ngakhale imodzi. Kaundula wake ndi woipa ngati wa Vegeta. Koma yankho, pa ndime 43, ndi lakuti lero lomwe adzakhala naye m'Paradaiso.

Funso limodzi, mayankho awiri. Piccolo sananame, ananena zoona molingana ndi buku la Enma. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa Gologota wofunsidwayo ndi amene ankalipira ngongoleyo nthawi yomweyo, pamtanda wapakati.

Okonda Vegeta andiuza kuti pamapeto zinamuyendera. Zoona. Chinjoka Porunga chitapemphedwa kuukitsa onse amene anafa kuyambira tsiku la mpikisano uja kupatula oipitsitsa, Vegeta anauka nawo, kusonyeza kuti sakuwerengedwanso woipa. Ndi malo osangalatsa, inenso ndimamwetulira. Koma onani mmene afikira pamenepo: kufa, kubwerera, kumenyanso nkhondo, kufikira sikelo itapendekera mbali ina. Ameneyo ndi malipiro a ganyu. Aefeso 2:8-9 akuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito, kuti wina asadzitame. Ndipo pa Mateyu 20 Yesu anafotokoza za aganyu a m'munda wa mpesa: amene anayamba dzuwa litapendeka analandira ndalama yofanana ndi amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse. Kapitawo aliyense angakuuzeni kuti masamu amenewo ndi olakwika. Olembedwa m'mawa aja anadandauladi.

[Pa sikirini: Edward ndi Alphonse Elric]

Fullmetal Alchemist, ya Hiromu Arakawa, ili ndi lamulo limene limanena maganizo a kaundula aja poyera: kuti upeze kanthu, upereke chinthu cha mtengo wofanana. Ana awiri, Edward ndi Alphonse, akuyesa kuukitsa mayi awo. Edward akutaya mwendo, Alphonse thupi lonse, ndipo Edward akuperekanso mkono kuti amangirire mzimu wa mng'ono wake mu chovala chachitsulo. Mayi aja sakubwera. Nkhani yonse ndi ya anyamata amene anaphunzira movutika kuti moyo wa munthu ulibe chosinthana nacho, zimene Yesu anafunsa pa Marko 8:37.

Koma malo amene ine ndimawakonda kwambiri ndi a mtsikana Winry. Makolo ake anali madokotala, anapita kunkhondo ya ku Ishval kukathandiza ovulala a mbali imene dziko lawo linkaipha. Anaphedwa ndi wodwala wawo yemwe, munthu wotchedwa Scar. Mu anime ya Fullmetal Alchemist: Brotherhood, imene inayamba kuonetsedwa mu 2009, Winry atadziwa zimenezi akutola mfuti, manja akunjenjemera, koma sakuwomba. Patsogolo akumanenso, Scar ali wovulala, akutaya magazi. Winry akugwada nkuyamba kumumanga bala, akunena kuti makolo ake akanachita zomwezo. Ndipo akumuuza maso ndi maso kuti asaganize molakwika, iye sanakhululuke zoipa zimene anachitazo.

Ena amati pamenepa palibe Chikhristu chifukwa mawu oti ndakukhululukira sanatuluke. Ine ndikuona mosiyana. Aroma 12:20 sakuti mdani wako ukayamba kumukonda ndiye umudyetse. Akuti akamva njala umudyetse, akamva ludzu umumwetse. Winry mtima udakali kuwawa, koma manja ayamba kale kumvera. Amene munakhalapo pamaliro limodzi ndi wachibale amene anakulandani katundu wamasiye, nkumupatsa madzi osamba m'manja musanadye, mukudziwa kulemera kwa beseni limenelo.

Tiziona ndi maso otsegula. Si anime iliyonse yoyenera ana, ina ili ndi magazi ndi zolaula zoti makolo mudzionere nokha musanapereke foni kwa mwana. Ndipo ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kuonera, musaonere, palibe amene adzakufunseni za Goku kumwamba.

Sabata yamawa tidzatenga Thorfinn wa mu Vinland Saga, mnyamata amene anakula ndi mipeni iwiri akusakasaka magazi a munthu amene anapha bambo ake, kenaka nkugulitsidwa ukapolo pa munda wina ku Denmark. Mu nkhani imeneyo muli wansembe weniweni, ngakhale ndi chidakwa. Sungani bando.